Ndinasiya kiyi dzulo, pa Chizungu ndilembe bwanji?

Mayi a Tadala: Abale thandizeni msanga. Dzulo poweruka ndinasiya kiyi wa nyumba kwa mlonda wa pageti monga anandiuzira adona. Usiku anandilembera kuti "Where is the key?" ine n'kuyankha kuti "I leave the key with the guard." Iwo anamva ngati ndikunena za mawa, ndiye anakagona kwa mng'ono wawo osamufunsa n'komwe mlondayo. Lero akwiya kwambiri, akuti ndinapita ndi kiyi kwathu. Ndikufuna ndilembe zomveka kuti ndinasiya dzulo 5 koloko ndisanachoke. Akubwera 2 koloko.

Yamikani: Achemwali, kiyi sapatsa mlonda. Tsiku lina mukadzasowa kanthu m'nyumbamo woyamba kulozedwa chala mudzakhala inu.

Mayi a Tadala: Anandituma ndi eni ake, achimwene. Ine ndikufunsa za Chizungu.

Gift: Lembani "I leaved the key yesterday." Zinthu zakale zonse mumangowonjezera ed kumapeto, basi.

Amalume Phiri: Gift, wabwera liti kuno iwe? Miyezi itatu sinakwane wayamba kale kuphunzitsa akuluakulu. "Leaved" kulibe. Mneni ameneyu amayenda chonchi: leave, left, left. Ali m'gulu limodzi ndi keep kept, sleep slept, feel felt. Ed ija imagwira pa lock locked, clean cleaned, koma alipo aneni pafupifupi 200 amene saifuna, ndipo ndi omwewo timawagwiritsa ntchito tsiku lonse. Mayi a Tadala, yambani ndi "I left the key."

Gift: Koma amalume ku America amanena leaved, anandiuza mnzanga amene ali komweko.

Nachisale: Mnzakoyo anakunamiza. Chimene ndikudziwa n'choti ku America amati "gotten" pomwe ku Britain amati "got". Left ndi left kulikonse.

Nabanda: Mawu amenewa ndi oopsa, ine anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Tsiku lina ndatha kusita, ndavala kale juzi, ndinaima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti "Madam, I am leaving." Mayi aja anaika kapu pansi, nkhope kusintha, n'kundifunsa kuti bwanji sindinapereke notisi. Anamva kuti ndikusiya ntchito! Mpaka ndinachita kuloza wotchi. Kuyambira pamenepo ndimati "I am going home now, see you tomorrow." Leave yemweyo ndi kusiya, ndi kuchoka, ndiponso tchuthi amati "on leave".

Yamikani: Nanga Gift amene anauza foromani kuti "I live at five"? Foromani kumufunsa kuti number five msewu uti 😂

Gift: Inu achimwene musandinamizire.

Amalume Phiri: Musaseke, ambiri timatchula chimodzimodzi. Leave mumakoka mawu, live mumadula msanga.

Bambo a Dalitso: Pepani ndachedwa ndinali pa shifiti. Ine ndagwira kwa azungu zaka 11. Kwa bwana mumalemba mwaulemu kuti "I have left the key yesterday." Have imaonetsa kuti munthu anapita kusukulu.

Amalume Phiri: Bambo a Dalitso, zaka zanuzo ndikuzilemekeza, koma pamenepo mwaphonya. Have si ya ulemu. "I have left the key" ndi ngati kunena kuti ndasiya kiyi, ali pompo panopa, kamutengeni. Mukangotchula nthawi imene inadutsa, yesterday kapena at five, have imachoka.  M'Chichewa mwathu mumati ndinasiya dzulo. N'chimodzimodzi. Ndimasiya masiku onse ndi "I leave". Ndikusiya panopa ndi "I am leaving". Ndinasiya ndi "I left". Ndidzasiya ndi "I will leave". Ndinkasiya kale ndi "I used to leave". Pomwe adona ankalemba uthenga ndinali nditasiya kale, imeneyo ndi "I had already left it." Vuto la mayiwa n'loti analemba ndimasiya pofuna kunena ndinasiya. Kwathu kusiyana kuli pa ma ndi na pakati pa mawu, kwawo mawu onse amasintha.

Bambo a Dalitso: Bwana wanga sanandikonzepo ngakhale kamodzi.

Nachisale: Sakonza munthu amenewa. Amangomva zomwe amvazo n'kukuweruza mumtima.

Yamikani: Ndiponso muzisamala polemba. Masiku ano mabwana onse amasunga mauthenga a WhatsApp, ukalakwitsa liwu limodzi amakautulutsa ngati umboni woti unavomera mlandu. Wina zinamuchitikira chaka chatha.

Nabanda: Wina wake uti? Musawaopseze mayiwa, mtima uli kale m'mwamba.

Nachisale: Nkhani imeneyi yandikumbutsa mwana wanga. Lamlungu pa foni ndinamufunsa mocheza kuti "Did you went to school?" Iye akuti amayi, pakakhala did mneni amabwerera mwakale, ndi "Did you go". Ndinaseka, koma nditadula foni ndinakhala pa bedi nthawi yaitali. Ndinamusiya asanadziwe kulemba dzina lake, lero akundikonza Chizungu.

Nabanda: Eee achemwali, musatiyambitse. Wanga akuti mawu anga pa foni asintha.

Mayi a Tadala: Abale nthawi yatha, 1:40 iyi. Mauthenga achuluka sindikuonanso poyambira. Wina andilembere chonse ndingokopera.

Amalume Phiri: "Good afternoon madam. I left the key with the guard yesterday at five, before I went home. I did not take it with me. Sorry, my message was not clear." Onani mwana wa Nachisale uja ananena zoona: pambuyo pa did not ndi take, osati took. Akakufunsani pamaso kuti "Did you leave it with him?" muyankhe kuti "Yes, I did," ndipo mupite nawo limodzi kwa mlondayo.

Gift: Nanga amalume, ngati mlondayo ndiye amasiya masiku onse?

Amalume Phiri: "He leaves", ndi s kumapeto. Funso labwino limenelo, uzifunsa chonchi usanayankhe anthu.

Mayi a Tadala: Ndatumiza, awerenga kale. Galimoto ndi iyi ikulowa pageti, ndikupita kukawachingamira.