Bwato la amuna asanu ndi atatu ku Olimpiki: kodi liwiro limachokera kuti?

Wa_ku_Chinamwali

Moni nonse. Odziwa za masewero a pamadzi, tandimasulireni fainolo ya amuna asanu ndi atatu ya ku Paris 2024, ija Great Britain inatenga golide, Netherlands n'kubwera pachiwiri, America pachitatu. Pali zinthu zitatu zandiimitsa mutu. Opalasa onse akuyang'ana kumene achokera, osati kumene akupita, pamene wa bwato wa pa Kachulu popita ku Chisi sangayerekeze kutero. Komanso pa sikirini pamatuluka manambala monga 39, 41, 44, koma bwato la nambala yaikulu si limene limakhala patsogolo nthawi zonse. Nanga kamunthu kakang'ono kokhala kumapeto kosagwira nkhafi kaja, ntchito yake n'chiyani, poti kakungowonjezera katundu?

Aphunzitsi_Matawale

Achimwene, tiyambe ndi zoyang'ana kumbuyozo, chifukwa zina zonse zagona pamenepo. Wa bwato wa ku Chilwa nkhafi yake ili m'manja basi, siinamangiriridwe pena paliponse, ndiye mphamvu imachokera m'mapewa ndi m'chiuno. Pa mabwato a mpikisanowa nkhafi imakolekedwa pa chitsulo chotuluka kunja m'mbali mwa bwato, ndipo imazungulira pamenepo. Wopalasa amakhala pa kampando ka timatayala koyenda pa tinjanji tiwiri, mapazi ake ali mu nsapato zomangidwa ku bwato. Amadza kutsogolo mawondo atapinda mpaka kufika pafupi ndi chifuwa, n'kuviika nkhafi, kenako amakankha ndi miyendo. Miyendo ikatsala pang'ono kuwongoka, msana umatsatira, mikono n'kumalizitsa. Makochi amakonda kunena kuti pa magawo khumi a mphamvuyo, asanu ndi limodzi ndi a miyendo, atatu a msana, limodzi lokha la mikono. Kuti ntchafu zigwire ntchito chonchi, munthu ayenera kufulatira kumene akupita. Akayang'ana kutsogolo ndiye kuti azikankha nkhafi ndi mikono, ndipo mikono singapikisane ndi ntchafu.

Manambala mwawaonawo ndi rate, kuchuluka kwa nthawi zimene nkhafi ikulowa m'madzi pa mphindi imodzi. Ponyamuka amafika 45 kapena kuposa, pakati pa mpikisano amatsika n'kumasewera cha pa 38 mpaka 40, pomaliza amakweranso. Koma rate si liwiro. Zili ngati wa kabaza amene wayika giya yopepuka pa msewu wosalala: miyendo ikuzungulira ngati yamisala, mnzake wopalasa mwaulemu pa giya yolemera n'kumudutsa. Chofunika ndi mtunda umene bwato likuyenda pa kupalasa kumodzi.

Tiwerengere limodzi. Mpikisano ndi wa mamita 2000. Great Britain inamaliza pa 5:22.88, kutanthauza mamita opitirira pang'ono 6 pa sekondi, kapena makilomita 22 pa ola. Pa rate ya cha m'ma 40, ndiye kuti anapalasa pafupifupi ka 215, ndipo kupalasa kulikonse kunkayendetsa bwato mamita 9 ndi kachidutswa. Netherlands inamaliza pa 5:23.92. Kusiyanako ndi sekondi imodzi ndi kakang'ono, mamita ngati 6 pamadzi. Mukagawa mamita 6 amenewo ndi 215 mupeza masentimita atatu. Golide ndi siliva zinasiyana masentimita atatu pa kupalasa kulikonse.

Nanga masentimita amenewo amatayika pati? Kawirikawiri amatayika nkhafi zili m'mwamba. Amuna asanu ndi atatu a makilogalamu 90 kapena kuposa aliyense amalemera pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa bwato lenilenilo, lomwe lamulo limati lisachepere makilogalamu 96. Akathamangira kutsogolo pa timipando tawo n'kufika mwamphamvu pa zopondera, nkhafi zisanagwire madzi, amakankhira bwato kumbuyo. Pa TV yang'anani kumapeto kwa bwato: likamachita ngati likudodoma pa kupalasa kulikonse, ndiye kuti akulipondereza okha. Timu ikatopa imakweza rate kuti ibise kutopako, koma nkhafi imayamba kulowa mochedwa n'kutuluka msanga. Nambala pa sikirini ikukwera, bwato likubwerera m'mbuyo.

Mulunguzi77

Aphunzitsi alongosola bwino, ine ndiyankhe za kamunthu kaja. Ameneyo ndi cox, ndipo musamuderere. Bwato la anthu asanu ndi atatu limatalika pafupifupi mamita 18, koma m'lifupi silifika ndi mita imodzi yomwe, ndipo onse opalasa sakuona kumene akupita. Cox ndiye yekha woyang'ana kutsogolo. M'manja mwake muli tizingwe tiwiri topita ku chiwongolero chaching'ono, chosaposa chikhatho, chimene chili pansi pa bwato. Vuto lake n'lakuti ukangochikhotetsa chimagwira madzi n'kuchepetsa liwiro, komanso chimapendeketsa bwato. Cox wabwino amachigwira pang'onopang'ono, osati kudikira bwato lisochere n'kulibweza mwamphamvu.

Ali ndi maikolofoni kumutu, masipika ali pansi pa timipando, ndi kamakina komuonetsa rate ndi nthawi ya mamita 500 aliwonse. Iyeyo ndi amene amauza anzake kuti adani ali pati, ndi kuti tsopano tiponde mwamphamvu ka 10 kapena ka 20. Kochi saloledwa kulankhula nawo pa wailesi mpikisano uli mkati.

Za katundu mukunenazo, lamulo linaziona kale. Cox asachepere makilogalamu 55. Akapepuka kuposa pamenepo amanyamula cholemetsa, nthawi zambiri thumba la mchenga kapena zitsulo, chosapitirira makilogalamu 15. Anachita izi kuti matimu asamasalitse anthu chakudya. Kuyambira 2017 mkazi akhoza kukhala cox wa timu ya amuna, mwamunanso wa timu ya akazi.

Mukafuna kuona kufunika kwake, onani mabwato opanda cox. Pa bwato la anthu anayi kapena awiri, mmodzi mwa opalasa amawongolera ndi phazi: nsapato yake imodzi imazungulira, ndipo inalumikizidwa ndi waya wopita ku chiwongolero. Munthu akupuma ndi pakamwa, maso achita mdima, koma akuyenera kuwongolera bwato atalifulatira. Ku Tokyo mu 2021, pa fainolo ya amuna anayi, bwato la Great Britain linatuluka mu njira yake chakumapeto n'kutsala pang'ono kugunda la Italy. Linathera pachinayi, Australia n'kupambana, pamene Britain inakhala ikutenga golide pa mpikisano umenewu kuyambira 2000 mpaka 2016.

Pa za rate ndisiyane pang'ono ndi aphunzitsi. Masiku ano matimu apamwamba amapalasa pa rate yokwera kuposa kale ndipo amapambana nayo. Rate yokwera si tchimo ayi. Tchimo ndi kuikweza pofupikitsa kapalasidwe.

Wa_ku_Chinamwali

Zikomo akuluakulu, zayamba kumveka. Nanga pa fainolo ya amuna awiriawiri ya ku Paris komweko, anyamata a Britain anatsogola njira yonse n'kudzagonja pa mzere penipeni. Kunali kutopa kapena chinawachitikira china? Ndipo poti asodzi athu amakhalira kupalasa tsiku ndi tsiku, sangaphunzitsidwe zimenezi pompano pa Chilwa kapena pa damu la Mulunguzi?

MayiMasewero

Zonse ziwiri, achimwene: kutopa kunabala cholakwacho. Oliver Wynne-Griffith ndi Tom George anatsogoladi pafupifupi mpikisano wonse, koma apachibale a ku Croatia, Martin ndi Valent Sinković, ankawayandikira pang'onopang'ono mu mamita 500 omaliza. Kutatsala kupalasa kowerengeka, nkhafi ya Britain inakodwa m'madzi, bwato linadodoma, Croatia n'kudutsa. Nthawi zinali 6:23.66 ndi 6:24.11.

Kukodwa kumeneku amakutcha crab. Nkhafi ikatuluka m'madzi, wopalasa amaitembenuza ndi dzanja kuti mbali yophwatalala igone chagada, isamalimbane ndi mphepo ndi mafunde. Isanalowenso m'madzi ayenera kuiimika bwinobwino. Akachedwa kuiimika, imalowa chopendekeka n'kumira mozama, madzi n'kuigwira. Bwato likupitirira, nkhafi yakana kutuluka, ndiye chogwirira chimabwera n'kumenya munthu pamimba kapena pachifuwa. Ikakhala yaing'ono mumataya theka la sekondi. Ikakhala yaikulu bwato limaima chopingasa, ndipo munthu akhoza kuponyedwa m'madzi. Zoyambitsa zake ndi manja otopa, bwato lopendekera mbali imodzi, ndi mafunde omenya nkhafi isanaime. Pa bwato la awiri n'zoopsa kwambiri chifukwa aliyense ali ndi nkhafi imodzi, wina kumanja wina kumanzere. Mmodzi akalakwitsa palibe womuphimbira.

Kagawidwe ka mphamvu kalinso ndi masamu ake. Madzi amakana kwambiri bwato likamawonjezera liwiro: kuti liwiro likwere ndi 1 peresenti, mphamvu iyenera kukwera ndi pafupifupi 3 peresenti. Potero kuthamangitsitsa poyamba kumadula, ndipo ngongoleyo mumabweza kutsogolo. Komabe pafupifupi timu iliyonse imanyamuka ndi moto, ndipo mamita 500 oyamba ndi amene amakhala achangu kuposa onse. Chifukwa chake ndi kufulatira komwe kuja. Amene watsogola amawaona adani ake onse, akangoyamba kubwera iye amayankha. Wotsalira saona aliyense, amangomva mawu. N'chifukwa chake otsogola pa theka la mtunda amapambana nthawi zambiri. Pamene mpikisano umathyokera ndi pakati pa mamita 1000 ndi 1500: miyendo yayaka, mzere uli kutali. Ku Paris, Britain ndi Netherlands zinafika pa theka zili phewa ndi phewa pa fainolo ya asanu ndi atatu ija, ndipo Britain inathawa mu gawo lachitatu lomweli.

Kuchokera kumbuyo kumathekanso. Ku London mu 2012, pa Eton Dorney, James Thompson, Matthew Brittain, John Smith ndi Sizwe Ndlovu a ku South Africa analowa mamita 500 omaliza asali patsogolo, n'kudutsa Denmark ndi Great Britain pa fainolo ya amuna anayi opepuka thupi. Anapambana ndi kota ya sekondi. Zachisoni n'zakuti gulu la opepukalo, limene malire ake anali makilogalamu 70 pa avereji ndi 72.5 kwa munthu mmodzi, ndi limene likanatikomera ife a matupi apakati, koma lachotsedwa ku Olimpiki. La anayi linatha pambuyo pa Rio 2016, la awiri linathera ku Paris, pomwe Paul O'Donovan ndi Fintan McCarthy a ku Ireland anateteza golide wawo wa ku Tokyo.

Aphunzitsi_Matawale

A Mulunguzi77 mwakonza bwino za rate, tagwirizana. Za asodzi, mtima ndi mapapo ali nazo, madzinso sawaopa, koma kapalasidwe n'kosiyana kotheratu ndipo angayambe kuphunzira ngati wina aliyense. Bwato la munthu mmodzi limatalika pafupifupi mamita 8, m'lifupi ngati masentimita 30, kulemera makilogalamu 14. Mukangosiya nkhafi limagubuduzika pompo. N'chifukwa chake zidendene za nsapato zimamangidwa ndi tizingwe, kuti likatembenuka mapazi avuke okha munthu asakodwe pansi pamadzi. Ngakhale akatswiri zimawachitikira: awiri a ku Serbia anagubuduzika ku Rio mu 2016 chifukwa cha mafunde, a ku Norway ku Tokyo pa semifainolo.

Malo a mpikisano amafuna mamita 2000 owongoka ndi mpata woimira kutsogolo kwa mzere, njira zosachepera zisanu ndi imodzi, iliyonse yotambalala cha m'ma mamita 13, zolekanitsidwa ndi timipira toyandama. Kuya kwake kukhale mamita awiri kapena atatu ndipo kufanane njira zonse, chifukwa madzi osaya amakoka bwato. Chilwa ndi yosaya, imasinthasintha chaka ndi chaka, inaphwa mu 1995 ndipo mbali yaikulu inaphwanso mu 2018. Ndiye onjezerani udzu, maukonde ndi mwera wa miyezi yozizira. Kuphunzirapo m'mamawa kukadali bata n'kotheka ndi bwato lotambalala la ophunzira, koma mpikisano wa nthawi zodalirika ayi. Damu la Mulunguzi ndi la madzi akumwa a mzinda uno wa Zomba, silinamangidwire zimenezi, ndipo popanda chilolezo cha eni ake musayerekeze.

Mphepo imeneyi ndi chifukwa chake simuyenera kuyerekeza nthawi za mipikisano yosiyana. Germany inapalasa 5:18.68 ku Poznań mu 2017, koma sizitanthauza kuti ikanagonjetsa Britain ya ku Paris ndi masekondi anayi. Mphepo yochokera kumbuyo ndi madzi ofunda zimachepetsa nthawi, yochokera kutsogolo imawonjezera masekondi ambirimbiri. Ikamawomba cha m'mbali, njira zina zimabisika zina ayi, moti oyendetsa mpikisano amasintha kagawidwe ka njira kuti amene anachita bwino m'ndime zoyamba apatsidwe kobisikako, m'malo mwa njira zapakati zimene amapatsidwa nthawi zonse.

Mulunguzi77

Kwa wachinyamata wa ku Zomba amene akufuna kudziyesa, poyambira ndi makina opalasira apamtunda, monga a Concept2. Ikani mamita 2000. Amuna a ku Olimpiki amatsika pansi pa mphindi 6, mnyamata wamphamvu wongoyamba kumene akafika cha m'ma 7 wachita bwino. Cholakwa cha oyamba onse ndi kukweza kachitsulo ka m'mbali mpaka pa 10 poganiza kuti ndiye chamuna. Kasiyeni pa 4 kapena 5, palasani pa rate ya 18 mpaka 22 kwa mphindi 20 kapena 30, mikono ikhale yowongoka mpaka miyendo itatsala pang'ono kutha. Mukapinda mikono msanga, kapena matako akathawa kumbuyo mapewa n'kutsalira, msana wam'munsi ndi umene umalipira.

Dziwaninso kuti Los Angeles 2028 idzakhala yosiyana. Mpikisano udzachitikira ku Long Beach pa mamita 1500 okha, choncho rate idzakwera ndipo nthawi zake sizidzafanana ndi za ku Paris. Kudzalowanso beach sprint: munthu amathamanga pamchenga, kudumphira m'bwato, kupalasa mamita 250 mozemba timipira, kutembenuka, kubwerera, n'kuthamanganso pamchenga kukagunda batani. Mabwato ake ndi otambalala, opangidwira mafunde, ndipo safuna njira zokumbidwa. Gombe la mchenga ngati a ku Mangochi, timipira titatu pa njira iliyonse ndi mabwato awiri ofanana n'zokwanira kuchititsa mpikisano.