Kachotupa pambali pa tchende, akuti si phudzi

WakuLinthipe: Abale ndithandizeni maganizo, achimwene anga a zaka za m'ma 40 ali ndi kachotupa kolimba ngati nyemba pambali pa tchende lakumanzere, sikapweteka koma kakukula pang'onopang'ono. Ife timayesa phudzi koma kuchipatala anawalitsapo tochi akuti mulibe madzi, sikani yaonetsa kuti kali kunja kwa tchende, pa kamtsempha kamene mumadutsa umuna, ndiye atitumiza ku Kamuzu Central. Eni ake akukana akuti akawachotsa tchende. Kodi imeneyi ndi khansa?

Kiliniko_Ntcheu: Achimwene mtima m'malo kaye koma musachedwe. Zotupa zomera pamenepo sizipezeka kawirikawiri ndipo zambiri si khansa, nthawi zambiri amakhala mafuta chabe amene timati lipoma, kapena china chotchedwa adenomatoid tumour chomwe sichifalikira. Koma zilipo zoopsa za mtundu wa khansa wotchedwa sarcoma, ndipo vuto lake ndi loti dzanja la dokotala kapena sikani sizingasiyanitse motsimikiza. Akayeza magazi kuona zizindikiro za khansa zotchedwa AFP ndi hCG, koma dziwani kuti zimenezi zimakwera pa khansa zina za m'kati mwa tchende, ndiye magaziwo akatuluka bwino musaganize kuti nkhani yatha ayi. Yankho lenileni limachokera ku labu akachotsa chotupacho nkuchiona pa maikulosikopu. Akakayikira khansa amang'amba cha m'mphechepeche osati pachikopa cha machende, kuopa kuifalitsa. Ngati ndi chosaopsa nthawi zambiri tchende amalisiya, ndipo ngakhale atachotsa limodzi munthu amabereka ndithu ndi lotsalalo.

AgogoAkuLizulu: Mwana wanga afunsenso za TB. Ine zinandichitikira, ndinatupa malo omwewo osatsokomola nkomwe, atayeza anapeza TB ndipo ndinachira ndi mankhwala a miyezi 6 aja. Chonde asakatemere, mphini pamenepo zingobweretsa mabala.

MayiWaAwiri: A Kiliniko nanga ana? Wanga wa zaka 7 mbali imodzi ikuoneka yaikulu ndipo ndikusowa tulo.

Kiliniko_Ntcheu: Mayi mupite naye mawa lomwe. Kwa ana kawirikawiri amakhala madzi kapena matumbo otsikira, koma ilipo khansa ya ana yotchedwa rhabdomyosarcoma imene imakula msanga, ikapezeka koyambirira ambiri amachira.

WakuLinthipe: Zikomo nonse, ndawawerengera achimwene zoti tchende mwina salichotsa ndiye avomera, tikwera minibasi Lolemba, alamu atiperekeza.