Holide ya Ogasiti: tikwere phiri la Mulanje kapena tikangopuma mu Blantyre?

Mayi_a_Tamanda

Abale ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yatha sabata ziwiri m'nyumba mwathu osagwirizana. Timakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ana ndi atatu, mnyamata wa zaka 14, mtsikana wa zaka 9, ndiye mzime wathu wa zaka 3. Chaka chino tasungako kandalama kuti ana akatsekera sukulu tichokeko masiku asanu, chikwatiraneni sitinapitepo kokayenda, maulendo athu amakhala a kumudzi basi, ku maliro kapena ku ukwati.

Bambo akunyumba mtima uli pa Mulanje. Akuti anakwerako ali ku sekondale ndiye akufuna ana awo akaone, akuti ana a masiku ano angokhalira foni ndi makatuni miyendo ilibe mphamvu. Ine kunena zoona ndatopa, ndimadzuka 4 koloko tsiku lililonse, ndikufuna Blantyre, tipeze loji yabwinoko, ndidzuke dzuwa litakwera, wina andiphikire, ana asambire, madzulo tikazungulire mashopu ku Chichiri. Komanso tikutenga apongozi anga amayi awo a bambowa, maondo amawavuta, sitingawasiye okha. Amene munayendapo ndi ana ndiuzeni, zabwino ndi ziti?

MwanaWaKuLikhubula

Mayi ine ndinakulira m'mphepete mwa phirilo ndiye ndikuuzani zenizeni. Mulanje si phiri limodzi loti aliyense akangofika ndiye akukwera mpaka pamwamba ayi. Sapitwa, nsonga yayitali ija, ndi mamita 3002 ndipo kumtunda kwake ndi miyala yokhayokha, pena mumakwawa ndi manja, ulendo wake umafuna kugona m'phiri ndiye za ana anuwo ndi agogo iwalani kaye. Ngakhale kukafika ku kanyumba ka Chambe kokha ndi chitunda cha maola atatu kapena anayi, wa zaka 14 uja angathe bwinobwino, wa 9 angathe ngati anazolowera kuyenda, koma mzimeyo ndiye kuti wina am'bereka njira yonse ndipo ndikudziwa kale kuti wom'berekayo mudzakhala inuyo.

Komatu pali Dziwe la Nkhalamba. Mukachoka pa ofesi ya za nkhalango pa Likhubula ndi ola limodzi kapena kupitirira pang'ono mukamayenda mwa ana, njira yake yokwera koma yopiririka, mukafika mumapeza madzi akugwa kuchokera pa thanthwe kulowa m'dziwe, mphepo yake yozizira imakumenyani kumaso musanafike n'komwe. Ana amasangalala zedi pamenepo. Koma chonde madziwo ndi akuya komanso ozizira kwambiri, miyala yake yoterera, musalole mnyamata wanuyo kudumphira ngakhale aone anzake akudumpha.

Tengani gayidi pa Likhubula pomwepo, musamvere zoti bambo anakwerako kale akudziwa njira. Chiperoni chikabwera nkhungu imatseka mwadzidzidzi munthu osaona mnzake ali pafupi pomwepa, anthu asocherapo m'phirimu. Ogasiti ndi nthawi yabwino chifukwa mvula kulibe, koma usiku kumazizira ndithu, majuzi ndi majekete musasiye. M'tinyumba ta m'phirimo mumapeza mlonda ndi nkhuni, chakudya ndi zofunda mumanyamula nokha, kuphikanso nokha.

Nachisale_BT

Apo pomalizapo ndi pomwe pali nkhani, kuphika nokha. Mayi a Tamanda anena kuti atopa ndipo ine ndawamvetsa chifukwa zinandichitikirapo. Tinapita kunyanja ku Mangochi ndi banja lonse, tinabwereka kanyumba kodziphikira kuti tipulumutse ndalama, abambo ndi ana tsiku lonse m'madzi ine ndili pa mbaula kuotcha chambo, kutsuka mbale, kuchapa matawulo a mchenga, pobwerera msana ukuwawa kuposa mmene ndinapitira. Ndiye musachite manyazi kunena kuti mukufuna kupuma, holideyo ndi yanunso.

Ndipo Blantyre si mashopu okha. Ana anuwo atengereni ku Museum ya ku Chichiri, panja pake pali sitima yakale ndi magalimoto akale, mkatimo zinthu za makolo athu, anga anakana kuchokako. Pali tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI paja, anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa konkuno, yemwe ankatsogolera ntchitoyo David Clement Scott sanali katswiri wa zomangamanga n'komwe koma taonani mpaka lero chilipo. Mandala House nayo ndi ya 1882. Zonsezi agogo atha kuona osavutika ndi maondo, atatopa akhala pa benchi.

Koma ndikuchenjezeni ziwiri. Tauni imadya ndalama mosaoneka, apa ayisikirimu, apa tchipisi ndi nkhuku, apa mtsikana waona nsapato, pofika tsiku lachitatu bajeti yonse yatha. Chinanso abale. Ngati muli ndi achibale ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni akangomva kuti mwabwera ndiye basi masiku asanu onsewo athera kuzonda makomo, ndipo simungalowe m'nyumba ya azakhali chimanjamanja, shuga ndi buledi ayenera kukhalapo, mukalumpha khomo limodzi mlandu. Agogowo ndi amene adzayambitse zoti tiyeni tikawaone auje.

Che_Mbewe77

Ine ndili mbali ya bambowo pang'ono, pepani amayi. Mukuchokera ku Lilongwe, ana anuwo mashopu amawadziwa kale, Gateway ili pomwepo. Kuwotcha mafuta makilomita opitirira 300 kuti akaone mashopu ena ndi kudya tchipisi zomwezo? Wa zaka 14 uyo zaka zake zoyenda nanu zatsala zochepa, posachedwa adzayamba kukana kuti ndikhala ndi anzanga. Wanga ndinapita naye kuphiri ali ndi zaka 13, potsika anagwa kawiri bondo linasupuka, koma mpaka lero ali ku koleji akabwera amakambabe za usiku umene tinagona m'kanyumba kaja, mmene nyenyezi zinkaonekera pafupi ndi fungo la mkungudza, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe anandiuza zomwe zinkamuvuta kusukulu, kunyumba sakanandiuza.

Anaphiri_Zomba

Bwanji nonse mwaiwala Zomba? Vuto la banja ili ndi loti m'galimoto imodzi muli munthu wa zaka 3 ndi gogo wa maondo ndi mnyamata wofuna kuthamanga, ndiye pakufunika malo oti galimoto ikafike pamwamba penipeni. Ku Chawe msewu wa tala umakwera mpaka pamwamba pa phiri. Agogo ndi mzime ndi inuyo mayi mutha kuyala chitenje pafupi ndi damu la Mulunguzi pamthunzi wa mapaini, tiyi mu fulasiki, kugona kumene ngati mukufuna, pomwe bambo ndi akuluakulu awiriwo atenga gayidi kupita ku Williams Falls kapena akafuna kutopa zenizeni akafike ku Emperor's View kapena ku Chingwe's Hole, madzulo mukumana. M'njiramo anyamata amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'timbale, nyani nawonso ndi ambiri ndiye chakudya musasiye poyera, ife anatilanda nthochi mwana atazigwira m'manja analira mpaka kutsika.

Ubwino wina Zomba ili panjira yanu. Kuchoka Lilongwe mudutsa Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde kenako Zomba. Ndiye pobwerera mugone tsiku limodzi pa Liwonde mukakwere boti pa Shire kulowa mu paki, mvuu, ng'ona, njovu zikumwa madzi m'mphepete, onse mutakhala pansi palibe woyenda. Pakiyi chiitengereni a African Parks mu 2015 yasintha, anabweretsanso mikango mu 2018. Funsiranitu pa foni ngati amalola mwana wa zaka 3 m'boti ndiponso mitengo ya ife Amalawi chifukwa imasiyana ndi ya alendo akunja, ziphaso zanu munyamule. Ku Liwonde kuli udzudzu, onetsetsani kuti pogona pali maneti.

Za loji ndinene izi, musatumize ndalama yonse musanaone malo. Ife ina yake inationetsa zithunzi zokongola pa Facebook, titafika madzi otentha kulibe, mabulangete opyapyala ndi kuzizira kwa kuphiri kuja, ana anagona atavala majekete.

Mayi_a_Tamanda

Zikomo nonse, usiku wathawu ndawawerengetsa bambo zonsezi. Za Sapitwa avomera okha kuti iwonso sanafikeko, anathera pa Chambe. Panopa tikuganiza masiku atatu Zomba, loji yoti chakudya amaphika okha, pamenepo sindinagonje, tsiku limodzi Liwonde, lotsalalo la panjira. Mulanje akuti adzapita awiri ndi mnyamatayo chaka chamawa akamaliza mayeso. Apongozi atamva za njovu asangalala kuposa ana, akuti chibadwire sanaionepo ndi maso.

A Anaphiri funso limodzi, galimoto yathu ndi kaSienta, kangakwere msewu wa ku Chawe titadzaza anthu 6 ndi zikwama?

Anaphiri_Zomba

Kakwera mayi osadandaula, msewuwo ndi watala kungoti uli ndi makhotakhota ndiye bambo aziyenda pang'onopang'ono, potsika agwiritse ntchito giya yaing'ono asamangodalira mabuleki, komanso asamale anthu otsika ndi nkhuni pa njinga. Koma pamwambapo misewu yopita ku Chingwe's Hole ndi yafumbi yokumbikakumbika, kaSienta musakalowetseko, kasiyeni pafupi ndi damu. Mafuta muthire full musanachoke ku Lilongwe ndipo mukaona filling station ili nawo pa Balaka kapena pa Liwonde onjezerani osadikira kuti achepe.