Alendo a ku Italy akufuna chakudya chakwawo: ndiwatumize kuti kuno ku Joni?

Wolandira alendo, Edenvale: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa gesitihausi pathu pali mainjiniya ochokera ku Italy, akhala mpaka mwezi wamawa. Madzulo aliwonse amafunsa kokadyera chakudya chakwawo. Lesitilanti ina yomwe ili ndi nyenyezi zambiri pa Google anapitako, koma anabwerako nkhope zili zakugwa, ati pasta inafewa mopitirira ndipo sozi anachuluka. Abwana akuti ndipeze malo abwino Lachisanu lisanafike. Inu a m'makhitchini, ndiyang'ane chiyani?

Khukhi, Sandton: Achemwali, nyenyezizo amapereka ndi anthu a konkuno, ndipo a kuno amakonda kirimu wambiri ndi mbale yosefukira. Inu tsegulani menyu muone pasta yotchedwa carbonara. Ya ku Rome ndi mazira, nyama ya patsaya la nkhumba yotchedwa guanciale, tchizi cha pecorino ndi tsabola wakuda, basi. Mukapezamo kirimu ndi bowa, alendowo asapiteko. Onaninso kutalika kwa menyuyo. Yomwe ili ndi pasta, sushi, mabaga ndi nthiti pamodzi, dziwani kuti zambiri zikuchokera mufiriji. Yabwino imakhala yaifupi, yogawidwa antipasti (zoyambira), primi (mbale yoyamba, monga pasta) ndi secondi (nyama kapena nsomba), ndipo sozi wa nyama wa ku Bologna amamuika pa tagliatelle (pasta yaitali yaphanthiphanthi), osati pa spaghetti.

Wetala, Norwood: Apo pa kirimu ndikutsutsaniko pang'ono, akulu. Alipo eni malesitilanti, Mataliyana enieni, amene amaika kirimu chifukwa makasitomala amamufuna. Mlendo akalankhula Chitaliyana, mwini wake amalowa yekha kukhitchini n'kukapanga yakwawo. Ndiye achemwali imbani foni, mufunse kuti mwini wake ndani, pasta amakanda okha kapena ayi.

Komanso muli pabwino. Mataliyana mbali yathu ino ndi akalekale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akaidi ambirimbiri a ku Italy anasungidwa ku Zonderwater kufupi ndi Cullinan, ena anakhazikika kuno nkhondo itatha. Orange Grove anthu ankaitchula Little Italy, ndipo Italian Club ili ku Bedfordview, pafupi ndi inu pomwepo. Yambirani kufunsa kumeneko komwe iwo eni amadyera.

Wophika pizza, Bedfordview: Ngati akufuna pizza, funsani za uvuni. Ya ku Naples imapsa mu uvuni wa nkhuni wotentha madigiri oposa 430 Celsius, masekondi 60 mpaka 90 okha. M'mphepete imatukumuka, ili ndi timadontho takuda, pakati n'pofewa. Bungwe loteteza kaphikidwe kameneka linakhazikitsidwa ku Naples mu 1984, ndipo malamulo ake amanena zimenezi. Yopyapyala yokhukhuta ija ambiri amapanga kuno si yoipa, koma munthu wa ku Naples sangaitche yakwawo.

Koma mwawafunsa kuti kwawo n'kuti? Italy si khitchini imodzi. A kumpoto chakudya chawo chamakolo ndi risotto (mpunga wophika ndi msuzi) ndi polenta.

Wolandira alendo, Edenvale: Ndawafunsa pompano, achimwene. Akuti a ku Bergamo.

Khukhi, Sandton: Eya, ndiye nkhani ndi polenta. Ndi ufa wachimanga wachikasu, amautakasa ngati mmene timaphikira nsima ya mgaiwa, ndipo ku Bergamo ndi chakudya chawo chenicheni. Funani malo amene ali ndi polenta, ossobuco (nyama ya mwendo wa mwana wa ng'ombe yophika ndi fupa lake) kapena risotto. Akakuuzani kuti risotto mudikira mphindi 20, sangalalani, ndiye kuti akuphika pompo.

Wetala, Norwood: Ziwiri zina. Iwowa amadya mochedwa, cha m'ma 8 koloko usiku, pomwe makhitchini ena a m'masabebu amatseka msanga mkati mwa sabata, choncho funsani nthawi yomaliza kulandira oda. Muwauzenso mwaulemu kuti kuno wetala timamusiyira 10 peresenti ya bilu kapena kuposerapo, kwawo sanazolowere. Wetalayo atha kukhala mnzathu wakumudzi.

Wolandira alendo, Edenvale: Zikomo nonse. Mawa m'mawa ndiimba ku Bedfordview, ndifunse za polenta ndi tebulo la 8 koloko Lachisanu. Loweruka ndikuuzani zomwe anene.