Choopsa mumachiulula liti m'nkhani?

Anzanga olemba, ndithandizeniko maganizo. Sabata ino ndayamba kuyesa nkhani yoopsa, mtundu umene sindinaulembepo. Chiyambi chayenda bwino: mayi wina amakhala yekha, ndipo m'mawa uliwonse akadzuka amapeza mpando wa pabalaza watembenuzidwa kuyang'ana kuchipinda kwake. Palibenso wina ali ndi kiyi wa nyumbayo. Mpaka pamenepo ngakhale ine mwini wake thupi limachita tsembwe.

Vuto lili pakati. Ndikangoonetsa chimene chikusuntha mpandowo, mantha onse amathera pomwepo, nkhani n'kusanduka nthabwala. Ndikachibisa mpaka kumapeto, ndikuopa kuti owerenga anena kuti ndawapusitsa. Kodi inu mumachiulula liti? Nanga mumachionetsa chonse, kapena mbali chabe, monga mthunzi kapena kupuma kwake kuseri kwa chitseko?

Chinanso ndi ziganizo. Ena amati zikhale zazifupi zinthu zikafika povuta, koma kwa ine zikachuluka zimamveka ngati munthu wabanika.

Amene mukudziwa mabuku kapena maphunziro a pa intaneti ophunzitsa kukulitsa mantha pang'onopang'ono, nditchulireniko. Za magazi ndi mitembo ayi, zimenezo sizindiopsa, zimangondinyansa.