Mnyamata wa m'buku langa akalephera palibe chimene ataye, nditani?

Nangozo_wa_pa_Mponela

Abale ndithandizeni nzeru. Ndikulemba buku la nkhani yopeka, ndafika chaputala 9, ndi ya mnyamata wa ku Dowa dzina lake Chikondi amene wapita ku Joni kukasaka ndalama. Ulendo ndaulemba bwinobwino, boda ya Mwanza, Tete kutentha kwake kuja, Nyamapanda, mpaka mzere wa pa Beitbridge usiku, zonsezi anandifotokozera ndi alamu anga amene amayenda njira imeneyi. Nde ndinapatsa mnzanga kuti awerenge, wabweza dzulo nkuti "zikukoma koma ineyo sindikumuopera kanthu mwanayu, zikakanika si angokwera basi nkubwerera kwa mayi ake kukadya nsima?" Zinandiwawa koma akunena zoona. Pano ndikuganiza zopha munthu, kaya mayi akewo kaya chibwenzi chake, kuti mwina nkhani ilemere. Inu mumatani?

Aphunzitsi_Opuma

Achemwali musaphe kaye munthu. Yambani mwayankha funso ili: ndalama ya thiransipoti ndi pasipoti Chikondiyo anaitenga kuti? Mnyamata wa kumudzi sangodzuka nkupeza ndalama yofikira ku Johannesburg. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yanu yonse ndipo mwapadumpha.

Tiyerekeze kuti anakatenga katapila nkupinyolitsa dimba la mayi ake, mayiwo osadziwa. Poti ndi ku Dowa, malo ngati amenewo ndi a mbumba, anachokera kwa agogo ake akazi ndipo oyenera kudzalima ndi alongo ake, iyeyo ngwodzapita kuchikamwini kapena kukapempha chitengwa, nde wapinyolitsa chinthu chomwe si chake nkomwe, atsibweni ake akadzamva kudzakhala moto. Mwaona? Akalephera tsopano sabwerera kukadya nsima ija, chifukwa ndiwo zake zimachokera m'dimba lomwelo.

Koma dimbalo tilione ndi maso. Musangolemba kuti "anali ndi dimba" ayi. Mu chaputala choyamba tiwaone mayi aja mmamawa wa mu Julaye kukuzizira, chitenje chanyowa ndi mame, akutunga madzi pa kachitsime ndi kheni yodontha imene anaimata ndi phula, akuthirira mpiru ndi tomato, nzimbe zili m'mphepete, nthochi ija anabzala malemu amuna awo. Kamlongo kake kakutenga mpiru kukagulitsa pa msewu kuti kapeze ya makope. Wowerenga akaziona zimenezi, tsiku limene wakatapila adzabwere kudzayenda m'malire a dimbalo manja ali kumbuyo, simudzafunikanso kumuuza kuti ada nkhawa, adzada yekha.

Chinanso muike tsiku. Mmalawi akamalowa South Africa amamudindira masiku osapitirira 30, akapitiriza nkudzatuluka amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitiriza pang'ono, zaka zisanu ngati wapitiriza ndi masiku oposa 30. Nde wotchi imodzi ndi imeneyo, ina ndi ya wakatapila amene ndalama yake ikubereka mwezi ndi mwezi. Ziwirizi zizimuthamangitsa.

KabazaWaArea25

kkkk zopha anthuzo ine ndinayesapo. Tili folomu 3 ndinalemba sewero la pa sukulu, ndinapha anthu anayi, bambo ngozi, mayi BP, mwana wamwa tameki, wina mphenzi. Pofika pa wachinayiyo holo yonse inali kuseka mpaka ena kugwa pa benchi, wina kumbuyo anakuwa kuti "ipheninso galuyo!" ine ku seri kwa katani ndikufuna kulira. Anthuwo palibe amene anawadziwa, amangolowa nkufa.

Za aphunzitsizo ndagwirizana nazo koma pang'ono ndikusiyana nawo, dimba ndi katundu, katundu amabwerera. Chimene anyamata amaopa kwenikweni ndi manyazi aise. Ine ndili ndi anzanga ali uko chaka chachisanu, ntchito ndi ya maganyu a m'magadeni, koma pa Facebook chithunzi wayedzamira galimoto ya bwana. Kubwera akufuna koma abwera ndi chani, anzake a msinkhu wake anabwera ndi njinga yamoto ndi malata, iye atsike basi ndi chikwama chimodzi cha shangani? Nde foni amayamba kuizimitsa, kumudzi akaimba sakuyankha. Chikondi wanuyo mumupatse munthu mmodzi amene anamulonjeza pamaso, ngati kamlongo kaja anakauza kuti fizi ya folomu 1 usadandaule nditumiza pa Mukuru isanafike Sepitembala. Kenako tione kamtsikanako kakupita kwa ejenti kukafunsa kachitatu.

Mbewe wa ku Leeds

Kabaza wakhudza penipeni. Kulephera koopsa mu nkhani ngati imeneyi si kubwerera chimanjamanja, ndi kusabwerera nkomwe. Mawu ake tili nawo kale, mtchona. Agogo athu anapita ku migodi ya ku Joni kudzera pa Wenela, bungwe lija limalemba anthu ntchito ya ku migodi, ena ku Salisbury ndi Bulawayo wapansi, ndipo ambiri sanabwerere, mpaka lero ku Zimbabwe kuli mabanja a Aphiri ndi Abanda amene kwawo amangokumva. Kamuzu anaimitsa zolemba anthu a Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 amene amabwerera kumudzi, koma mtima wopita uja sunaime. Ine ndikanakhala inu ndikanaika mdala mmodzi wotchona amene Chikondi akumane naye ku Joni, wokalamba, Chichewa chake chasakanikira Chizulu, akufunsa za anthu a kumudzi amene anamwalira kalekale. Osamuyankhulitsa zambiri. Wowerenga angomuona basi adziwa kuti mnyamata uja zikakanika mathero ake ndi awa.

Komanso funsani mbali inayo, akapambana ataya chani? Chifukwa ngati kupeza ndalama kuli kwabwino kokhakokha nde palibe chosankha, aliyense angasankhe chomwecho. Mwina ndalama yowombolera dimba ipezeka pokhapokha apitirize masiku aja, kutanthauza kuti mayi ake akadwala sangapite nkubwereranso ku ntchito. Kapena ntchito yabwinoyo aipeza pomugwetsa mnzake amene anamusunga pa mkuku wake atangofika. Apa nde ine ndingasiye tiyi kuzizira.

Aphunzitsi_Opuma

A Mbewe mwanena bwino, koma achemwali musatenge zonsezi nkuthira m'poto mmodzi, dimba, fizi, mdala wotchona, mnzake womupereka, zichuluka ngati sewero la a Kabaza lija. Sankhani chimodzi chikhale msana, zinazo zizingochikankha. Ine ndimatenga pepala nkulemba machaputala motsika, pambali pa chilichonse ndimalemba chimene chatsekeka, khomo limene munthu wanga sangathenso kubwererako. Chaputala chimene pambali pake palibe cholemba ndimachikayikira.

Nangozo_wa_pa_Mponela

Zikomo nonse, ndachita za pepalazo usiku womwe uno, pa machaputala 9 asanu pambali pake pali mbee kkkk, anayi mwa amenewo ndi a mu basi. Dimba ndalitenga, mdala wotchona ndamutenganso koma angooneka kawiri. Mayi ndawasiya amoyo. Chandivuta pano nchakuti Chikondi akapinyolitsa dimba mobisa mu chaputala 1 anthu samuda msanga? Mnzanga uja ndamuuza pa WhatsApp wayankha kuti "ameneyo ndi wakuba, alephere basi."

KabazaWaArea25

Nde wayamba kumusamala tu, dzulo amati sakumva kanthu. Musiyeni amude kaye, ingotionetsani Chikondiyo akuthirira nawo mpiru mmawa wa tsiku lonyamukalo, kalata ya wakatapila ili m'thumba, mayi ake akumuuza kuti aponde bwino asathyole mbande.