EEG ya mwana wazaka 5: absence kapena ndi tulo chabe?

Tekinishani wa EEG:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Mmawawu ndajambula EEG (kuyeza mafunde a magetsi a mu ubongo) ya kamtsikana kazaka 5, mayi ake akuti kamangoti duu pakati pocheza kenako nkupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo chaka chatha kanagonekedwa ndi malungo a mu ubongo. Titapita mphindi ngati 10 mafunde anangosintha, aatali kwambiri, 3 mpaka 4 pa sekondi, mutu wonse, masekondi angapo nkutsika. Mtima wanga wathamangira ku absence (mtundu wa khunyu womwe mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa) koma spike (funde losongoka la khunyu) yeniyeni sindikuiona bwinobwino. Ndilembe chani?

Clinical officer wa ana:
Achimwene tisanapite patali, mwanayo anali maso kapena amawodzera?

Tekinishani wa EEG:
Eeh apa ndiye mwandigwira. Anadzuka 3 koloko usiku kuti apeze minibasi yoyamba, ndiye tsitsi anamuluka ndi kupaka mafuta ambirimbiri moti impedance (muyeso wa mmene khungu likutchingira magetsi) inakana kutsika pansi pa 5 kilo-ohm mpaka tinamasula mizere ina ndi kupukuta ndi Nuprep (mankhwala oyeretsera khungu), pomwe ndimayamba kujambula anali atatopa nkulira ali pamiyendo pa mayi ake. Sindinalembe kuti maso anatseka nthawi yanji.

Mayi wamkulu wa EEG:
Mwanawe vuto lili pomwepo. Ubongo ndi womwewo koma magetsi ake ali maso ndi ali mtulo ndi zinthu ziwiri. Munthu ali maso ma cell a ubongo aliyense amayaka nthawi yake, ndiye mafunde amatuluka aafupi ndi othamanga. Tulo tikamabwera amayamba kuyaka limodzi nkupumira limodzi ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi, mafunde nkukhala aatali ndi ochedwa. Kwa ana zimabwera mwamphamvu kwambiri akangoyamba kuwodzera, ndi imene timati hypnagogic hypersynchrony, ndipo si matenda ayi. Zimandiwawa ndikaganiza ana amene angamwe mankhwala zaka chifukwa cha tsamba limodzi lotere.

Bwerera pa rekodiyo. Yang'ana mmbuyo ngati alpha ya kunkhongo (mafunde a munthu wotseka maso koma asanagone) inayamba kuzimirira, komanso ngati pa F7 ndi F8 (ma electrode, tizitsulo tomata pamutu, a mmbali mwa chipumi) pali kuyendayenda kwa maso kwapang'onopang'ono. Kenako pita kutsogolo, funa vertex wave (funde losongoka lapoyamba tulo) pa Cz, pakati pamutu, ndi ma spindle (timafunde ta mtulo) a 12 mpaka 14 pa sekondi. Ukawapeza amenewo ndiye kuti mwana amalowa mtulo basi. Mafunde ochedwa a ubongo wovulala sachoka mwana akadzuka, nchifukwa chake kwa wodwalapo malungo a mu ubongo timafunitsitsa tsamba loti ali maso ndithu.

Wophunzira:
Pepani amayi ndilowerere. Ndinawerenga za kafukufuku wa ku University of Rochester wa 2013, anapeza kuti mbewa zikagona mpata wa pakati pa ma cell a ubongo umakula ndi pafupifupi 60 peresenti, madzi nkumadutsa bwino. Kodi zimenezi zingasinthe impedance yomwe timaona pa makina?

Mayi wamkulu wa EEG:
Funso labwino, koma usasakanize. Zija anayeza mkati mwa ubongo wa mbewa. Nambala ya pa makina athu ikunena za pomwe electrode yakhudza khungu la mmutu, ikasintha mwana ali mtulo ganiza za paste kuti wauma, waya wasuntha kapena thukuta. Ndipo thukuta ndi kutentha kwa October kuno limapanga mafunde ake ochedwa kwambiri, osafika ngakhale 1 pa sekondi, ena amawatenga ngati delta (mafunde ochedwa a ubongo). Yatsa fani koma ikhale patali ndi mawaya, apo ayi 50 Hz ya magetsi a faniyo idzaza pa sikilini.

Nesi wa ku wodi ya ana:
Ine langa ndi limodzi, ngati mukuganiza absence munampumitsa mwamphamvu? Ife timawapatsa kapepala aziuzira mphindi 3, absence yeniyeni nthawi zambiri imatuluka pompo, mwana amasiya kuuzira nkungoti duu, ukamuitana sayankha. Koma afunseni kaye mayi ake za sickle cell, mwana wa sickle cell sitimupangitsa zimenezi.

Tekinishani wa EEG:
Asisi sindinathe, anali atagona kale. Ndabwerera pa rekodi monga anenera amayi, alpha inali itasowa mafunde aja asanabwere, ndipo patangopita mphindi 2 ma spindle ali mbwee pakati pamutu, vertex wave ndaionanso. Gawo loti ali maso chenicheni ndili nalo la masekondi 40 okha ndipo ladzaza minofu ya kulira.

Clinical officer wa ana:
Ndiye pa rekodi imeneyi sindiyambitsa mankhwala a khunyu, makamaka carbamazepine yemwe amatha kuwonjezera absence. Koma nkhani ya mayi a mwanayo sitiitaya, kungoti duu kuja kukufunika yankho. Lembani kuti mwajambula kuwodzera ndi tulo, gawo la maso silokwanira, abwerenso.

Tekinishani wa EEG:
Ndawaimbira mayi ake, abwera Lachinayi 10 koloko, agona kwa achibale mtauni muno kuti mwana asadzukenso usiku. Ndawauza amusambitse mmutu ndi sopo osapaka mafuta, osaluka, adye kaye phala, ndipo zikamuchitikira kunyumba ajambule pa foni akumuitana dzina. Sickle cell akuti anayezedwa alibe. Ulendo uno ndiyamba ndi tsegula maso tseka maso, kenako kapepala kaja, ndipo ndizilemba pa rekodi chilichonse chomwe ndikuona pankhope pake.